Nkhope ya Apongozi

LOLEMBA

Mmawa, ku Sunnyside, ku ofesi imene imandipatsa ntchito yojambula zithunzi za m'mabuku a ana. Mayi Mkonzi ayala zojambula zanga zonse za chaka chino patebulo ngati kaunjika. Akuti ndiyang'ane bwino. Ndikuyang'ana. Mphunzitsi, namwino, mayi wogulitsa nthochi, wapolisi wamkazi.

"Bambo, uyu ndi munthu mmodzi. Mukungomusintha duku."

Ndikufuna kukana, koma n'zoona. Ndi mayi uja wa pa positala ya kolera, amene ndinamujambula kalekale akusamba m'manja ndi sopo. Mabungwe anamukonda, ine n'kumujambula kambirimbiri, lero dzanja langa silidziwanso munthu wina. Amamwetulira paliponse, ngakhale pa tsamba limene nyumba yake ikupsa.

Akuti ndipeze kajambulidwe kangakanga. Ndikakapeza kuti? Sananene.

Masana ndafika kunyumba ndapeza Dorika, mkazi wanga, akusekerera foni. Lamulungu likudzali amayi ake akukwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri, phwando lili ku Nyambadwe kwa alamu anga a Zuze. Dorika walemba kale pa gulu la banja kuti mphatso ya kwathu ndi chithunzi chachikulu cha amayi, chojambula pamanja, wojambula ine. Anthu ayika kale timanja towomba. Ine ndamva pomaliza.

Ndikumvetsa chimene wachitira zimenezi. Zaka zisanu ndi zinayi apongozi akhala akumufunsa funso limodzi: "Kodi akamwini anapeza basa?" Basa ndiye ntchito m'Chisena chawo. Dorika amayankha kuti amajambula, mayi. Iwo amati, "Ee, koma basa?" Mwamuna wa mng'ono wake amagwira kubanki, amavala tayi ngakhale Loweruka. Dorika watopa kundiikira kumbuyo ndi pakamwa, akufuna amayi ake aone ndi maso. Ndikalephera, manyazi si anga ndekha, ndi akenso, pamaso pa abale ake onse.

Vuto ndi limodzi. Nkhope ya apongozi sindikuidziwa!

Kwawo ku Nsanje mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso, sadyera pamodzi, uthenga umadzera mwa munthu. Ambiri m'tauni muno anazisiya. Apongozi anga ayi. Anasamukira ku Bangwe kalekale, koma mwambo anabwera nawo wathunthu, osasiyako ngakhale chivundikiro.

Zimene ndikudziwa za iwo:
- mapazi
- nsapato zapulasitiki zabulauni
- chikwama chakuda, chogwira ndi manja awiri
- ambulera
- katsokomola kamene amachita pageti kuti ndipeze pothawira

Komabe pulani ilipo:
Lachiwiri, nkhope pa pensulo.
Lachitatu, inki.
Lachinayi, utoto.
Lachisanu, chiume.
Loweruka, fulemu.
Lamulungu, ulemu!

LACHIWIRI

Ndapempha zithunzi za kamera. Dorika wandipatsa zitatu, akuti amayi sakonda kujambulidwa.

Choyamba, cha pa chiphaso cha unzika. Kakang'ono ngati sitampa, kotuwa. Akhoza kukhala aliyense wa ku Bangwe.

Chachiwiri, cha pa ukwati wathu. Aliyense akuyang'ana kutsogolo, apongozi okha akuyang'ana mtengo wa kumanzere. Chifukwa chake? Ine ndili m'chithunzimo.

Chachitatu, cha pa maliro a achimwene awo. Afunda chitenje mpaka pamphuno.

Ndatenga cha chiphaso, ndachikuza pa kompyuta. Chasanduka phala. Ndipo ndikamachiyang'ana nthawi yaitali ndikumva ngati ndikulakwa, moti ndapezeka ndachipepesa kamodzi.

Ndajambula mpaka nthawi ya tiyi. Ndabwerera m'mbuyo kuti ndione bwino. Mayi wa kolera! Wakalamba, wavala duku ya kutchalitchi, koma ndi yemweyo, akumwetulira ngati wangopatsidwa sopo waulere.

Dorika: "Mwayamba positala ina? Nanga cha amayi muyamba liti?"

Ndamupempha andifotokozere nkhopeyo. Akuti mphuno ngati yake koma yolimba mtima. Maso akuti ndi a munthu amene akudziwa kale kuti ukunama. Ndamufunsa za masaya, wandiyang'ana ngati ndamufunsa nambala ya nsapato ya bishopu.

"Zaka zonsezi simukuwadziwa amayi anga?"

Nanga ndikanawadziwa bwanji? Si iye yemwe amandiuza kuti lowani kuchipinda, amayi afika?

Nzeru ina yabwera madzulo: mwana amafanana ndi make. Ndijambule Dorika, ndimuonjezere zaka makumi atatu ndi zisanu. Makwinya pachipumi, timizere pakhosi, masaya ogwa pang'ono. Chatuluka bwino kwambiri, ndi nkhope yoyamba m'zaka khumi imene si ya mayi wa kolera. Ndasangalala, ndamuitana.

Sindinaganize bwino pamenepo.

"Ndiye mumandiona chonchi?"

Ndiwo za madzulo zabwera zopanda mchere. Sindinafunse.

LACHITATU

Lero linali la inki. Inki ili m'botolo.

Pulani yatsopano: kuwaona amoyo, patali, iwo osadziwa. Lachitatu lililonse apongozi amagula tomato ndi anyezi mumsika wa Limbe. Ndapita kwa Che Yusufu, neba wathu woyendetsa takisi, ndawafotokozera zonse. Aseka mpaka kugwira chitseko cha galimoto. Kenako avomera.

Taima pafupi ndi polowera kumsika. Ine mpando wakumbuyo, buku lojambulira pamwendo, pensulo zitatu zosongoka. Tadikira. Che Yusufu akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mnyamata woitanira minibasi watisuzumira kawiri, kachitatu wafunsa ngati ndife a khonsolo. Mayi wa zitumbuwa wabisa dengu lake.

Kenako ambulera ija. Ndaidziwa ili kutali.

"Ndi amenewo? Yang'anani tsopano, ayang'ana kuno!"

Ndikufuna. Mulungu ndi mboni, ndikufuna. Koma khosi lagwa lokha! Ndikulidzutsa, likugwanso. Zaka zisanu ndi zinayi laphunzira ntchito yake, silimvera za luso. Dzanja nalo layamba kujambula zimene maso akuona: mapazi. Chala chachikulu cha kumanzere chopindikira mkati. Chidendene chong'aluka. Mmene amapondera, ngati nthaka ndi yawo koma aibwereketsa kwa ena.

Ndapempha Che Yusufu andiuze zimene akuona.

"Maso awiri. Mphuno ilipo. Ndi mayi ndithu."

Zikomo kwambiri.

Tsono chachitika n'chakuti apongozi aona takisi yaima, afika, afunsa ya ku Bangwe. Che Yusufu ndi munthu wa bizinesi. Atsegula chitseko chakutsogolo! Ine ndatsetsereka mpaka mawondo agunda mpando, chipewa kumaso, dengu lawo la tomato aliika pamwendo panga.

Kuchokera ku Limbe mpaka ku Bangwe. Kagalasi ka dalaivala kali apo, nkhope yonse ili m'menemo, ndikungofunika kukweza maso pang'ono. Ndatsinzina njira yonse.

Iwo akucheza ndi Che Yusufu momasuka. Za mitengo ya anyezi, za mawondo, za phwando la Lamulungu. Kenako:

"Mkamwini wanga wina akuti andijambula. Ndi munthu wabwino, sakwiya, samwa. Koma amangokhala pakhomo n'kumalemba tizidole."

Che Yusufu akutsokomola ngati ameza ntchentche.

Potsika atenga dengu pamwendo panga, anena kuti zikomo bambo. Sindikudziwa ngati anandizindikira n'kusunga ulemu, kapena chiyani. Mutu wanga waima. Tomato mmodzi waphulikira pa thalauza.

Zokolola za lero: masamba asanu ndi limodzi a mapazi.

LACHINAYI

Dorika wayambanso kundilankhula. Akuti kwawo ulipo mwambo wothetsa manyazi amenewa, mkamwini ndi apongozi n'kuyamba kuonana ndi kudyera pamodzi. Unayenera kuchitika mwana wathu woyamba atabadwa. Mwanayo ali sitandade 3.

Woutsogolera ndi amalume ake a Dorika. Ali ku Joni. Ndawatumizira uthenga waulemu pafoni. Ayankha ndi mawu ojambula a mphindi zisanu ndi zinayi, kumbuyo kukumveka makina. Mwachidule:
- pafunika nkhuku
- pafunika ankhoswe a mbali zonse ziwiri
- si zinthu zochitira pafoni ngati kugula mayunitsi
- abwera Disembala, kapena Disembala winayo
- ndipereke moni kwa onse

Ankhoswe a mbali yanga mmodzi anamwalira, winayo tinayambana pa nkhani ya mbuzi.

Chabwino. Ngati nkhope sindingaione, mwina kajambulidwe katsopano kaibweretsa kokha. Si zimene Mayi Mkonzi akufuna? Mbalame zonse ziwiri zigwe lero.

Ndayesa makala a pa mbaula. Mayi wa kolera, wakuda bii, ngati wapulumuka m'nyumba yopsa ija.

Ndayesa kudula tizidutswa ta zitenje n'kumata. Mayi wa kolera wamaluwamaluwa. Chitenje china chinali chisanathe ntchito, ndamva pambuyo pake.

Ndayesa dzanja lamanzere. Mayi wa kolera atadwaladi.

Ndayesa pa kompyuta. Magetsi azima.

Ndayesa zamakono zija zimene ndinaona pa chionetsero china ku Mandala, zoti diso lina pachipumi, lina pafupi ndi khutu. Azungu ankaima patsogolo pake n'kumagwedeza mitu. Changa chatuluka, ndachiyang'ana, ndaganiza za alamu a Zuze ndi chithupi chawo chachikulu, ndaching'amba ndekha.

Kodi kajambulidwe ka munthu n'chiyani kwenikweni? Umabadwa nako? Umatola? Anzanga amene tinaphunzira limodzi, wina amadziwika ndi makosi aatali, wina ndi mitambo. Ine ndimadziwika ndi sopo.

Pa gulu la banja wina walemba kuti, "Tikudikira chithunzi cha agogo, a Dorika musatigwiritse mwala." Dorika wayankha kuti muona nokha. Wandionetsa, akumwetulira. Ndamva chisoni, ndipo mantha andigwira zenizeni.

LACHISANU

Dorika watenga nkhaniyi m'manja mwake. Waitana amayi ake kuti adzayese diresi la phwando kwathu kuno. Pulani yake: awakhazika pakhonde, ine ndikhala kuchipinda, ndisuzumira pa katani. Khosi likagwa, ndiligwire ndi dzanja.

Katsokomola pageti. Ndathawira kuchipinda, malo anga a masiku onse.

Akhala pakhonde. Afulatira zenera.

"Mayi, tembenukirani kuno, kuli kamphepo."

"Akamwini ali m'nyumba."

Ndatuluka khomo lakumbuyo, ndazungulira kumpanda wa maluwa kuti ndiwaonere kutsogolo. Amva mapazi anga, atembenuza mpando. Ndabwerera kuchipinda, atembenukanso. Katatu! Anthu awiri aakuluakulu kuzungulira nyumba, wina kuthawa mnzake, onse chifukwa cha ulemu. Che Yusufu akuonerera pamwamba pa mpanda, tiyi ali m'manja.

Ndagonja. Ndakhala pansi kuseri kwa chitseko, pamene pali kampata. Pakampatapo pakuoneka kuyambira m'mapewa kutsika. Dorika wawapatsa nandolo kuti azisenda. Ndajambula zimenezo poti palibe china. Manja awo ndi achangu, chala chachikulu chimang'amba khoko kamodzi kokha. Kuseri kwa dzanja lamanja kuli zipsera zambiri, timadontho toyera, tina tatikulu ngati nyemba. Chala chamkombaphala sichiwongoka. Chikwama chili pamwendo, achipanikiza ndi chigongono ngati m'nyumba mwathu muli akuba. Ola lathunthu ladutsa osalimva.

Masana ndathamangira ku Sunnyside ndi zoyesa zanga za dzulo, zimene zinapulumuka. Mayi Mkonzi akutsegula buku. Makala, hmm. Zitenje, hmm. Dzanja lamanzere, andifunsa ngati ndikudwala. Apitirira mpaka masamba a mapazi ndi manja, amene sindinafune kuti aone. Aima. Avula magalasi, avalanso.

"Awa ndi ndani? Mayi ameneyu ndikumuopa, chonsecho sindinamuone. Bwanji simujambula chonchi masiku onse?"

Chonchi bwanji? Opanda mutu? Ana a sukulu aziwerenga buku la anthu opanda mitu? Ndafunsa, angoti ndikaganize bwino. Anthu a m'maofesi amalankhula ngati asing'anga.

Kwatsala mawa lokha.

LOWERUKA

Wa mafulemu m'tauni amatseka 12 koloko.

Ndadzuka ndi nkhuku. Pepala lalikulu, limodzi lokha limene ndili nalo, ndalikhoma pa thabwa. Thupi lonse latuluka losavuta: mapazi, nsapato, chitenje, chikwama, manja ndi nandolo zake, ambulera yotsamira mpando. Dzanja likungoyenda ngati likudziwa njira. Mpaka m'mapewa ndi apongozi enieni, moti ndapezeka ndikujambula nditaweramitsa mutu.

Yatsala nkhope.

8 koloko: mayi wa kolera. Ndafufuta.
9 koloko: mayi wa kolera wokwiya. Ndafufuta.
Hafu pasiti 9: Dorika wokalamba. Ndafufuta msangamsanga.
10 koloko: munthu wina wofanana ndi Che Yusufu. Sindikudziwa wachokera kuti.
Hafu pasiti 10: labala waboola pepala!

Bowo. Penipeni pa nkhope. Ndikuona thabwa.

Ndakhala pansi. Ndaimirira. Ndamwa madzi. Ndatenga lula ndi lezala, ndadula pepala mowongoka bwinobwino pamwamba pa mapewa. Chidutswa cha bowo ndachiika m'thumba, sindikudziwa chifukwa chake.

Wa mafulemu wachiyang'ana nthawi yaitali, wachitembenuza kuti aone ngati kumbuyo kuli kanthu.

"Mutu mubweretsa Lolemba?"

Ndamuuza kuti ndi kajambulidwe. Akuti oho. Wafunsa ngati mwiniwake ali moyo. Wachiika mu fulemu yaikulu yagolide, ndi yokhayo inakwana, yolemera ngati chitseko. Wachikulunga m'mapepala akhaki, ndamupempha awonjezere tepi.

Kunyumba Dorika akusita diresi.

"Chafanana?"

Ndati kwambiri, malo ambiri. Akufuna kuona, ndati tepi ndi yovuta, aone mawa pamodzi ndi anzake. Wandigwira paphewa, akuti amadziwa kuti sindingamuchititse manyazi. Chakudya chili ndi mchere wokwanira bwino, koma ndasiya theka m'mbale.

LAMULUNGU

Ku Nyambadwe. Tenti pabwalo, mipando yapulasitiki, amayi a kutchalitchi kwa apongozi adzaza mbali yonse ya kumthunzi. Che Yusufu atibweretsa mmawa ndi chithunzi, ndipo poti ndi Msilamu, alamu a Zuze awapempha azinge nkhuku kuti alendo onse adye momasuka, ndiye atsala pa phwando.

Mphatso. Wa kubanki wapereka fuliji. Yanyamulidwa ndi anthu anayi, nthungululu mpaka kumsewu.

"Tsopano ya kwa a Dorika!"

Manja anga atuluka thukuta, fulemu ikuterereka. Che Yusufu akuti bweretsani, ayinyamula okha. Ndi yaikulu moti yawabisa kuyambira kumutu mpaka m'mawondo, kukungooneka miyendo ikuyenda. Ine ndatsalira kumbuyo, pafupi ndi matayala a fuliji, poti kutsogolo kuli apongozi. Dorika wang'amba mapepala.

Zii.

Wina wagwetsa supuni, yamveka.

Alamu a Zuze: "Alamu, mutu wa amayi uli kuti?"

Dorika waima ndi tepi m'manja. Sakundiyang'ana. Ndikuwerenga masitepe ofikira pageti.

Kenako mayi wina wa kutchalitchi waimirira, wayandikira. "Ii, koma awa ndi amake Zuze! Taonani chalacho!" Wina: "Chikwamacho! Ndi mmene amachigwirira nthawi ya chopereka!" Aseka onse, akukankhana kuti aone, wina akuyerekeza kapondedwe kawo. Mdzukulu wina wawerama n'kupereka moni kwa chithunzi.

Apongozi sakuseka. Ndikuona mapazi awo akuyandikira fulemu pang'onopang'ono. Dzanja lawo lakwera, lagwira galasi pamene pali dzanja la m'chithunzi. Akhala choncho nthawi yaitali.

"Zipsera izi ndi mafuta a mandasi. Zaka makumi awiri pa depoti ya Limbe. Zuze, sukulu yako ndi iyi. Dorika, yako ndi iyi. Nonsenu mumandiyang'ana kumaso tsiku lililonse, palibe anazionapo."

Alamu a Zuze ayang'ana pansi. Dorika akulira, tepi ikadali m'manja.

Kenako apongozi akokera chitenje kumaso monga mwa mwambo, atembenukira kumbali, aweramira miyendo imene ili pansi pa fulemu. Miyendo ya Che Yusufu.

"Dorika, uwauze akamwini kuti takhuta, tathokoza kwambiri. Analeredwa bwino, sanandiyang'ane kumaso ngakhale pa pepala. Uwauze kuti limeneli ndiye basa. Uwauzenso kuti anenepa, ukuwasamala."

Miyendo ya Che Yusufu yapinda mawondo mwaulemu.

Ndiye kuti nawonso sakundidziwa! Zaka zisanu ndi zinayi! Ndatsegula pakamwa, Dorika wafika kale pambali panga, wanditsina. "Khalani chete. Mukufuna amayi achite manyazi pa anthu?" Tenti yonse ikudziwa, tenti yonse yasunga pakamwa. Wa kubanki akuyang'ana tayi yake.

Nthawi ya chakudya apongozi atumiza mbale yapadera kwa akamwini, ya nthutumba ndi chiwindi, aloza ndi chala osayang'ana. Yapita kwa Che Yusufu. Adya yonse. Akuti akanakana zikanaoneka zamwano.

Madzulo ano amayi anayi a kutchalitchi atumiza kale uthenga, akufuna zawo, akuti zikhale zopanda mutu ngati cha amake Zuze. Sindikudziwabe ngati ndapeza kajambulidwe kapena ndangoboola pepala.

Mawu amene ndawadikira zaka zisanu ndi zinayi anenedwa lero, pamaso pa abale onse, kwa miyendo ya munthu wina. Ine ndawamvera kuseri kwa fuliji. Dorika akuimba kukhitchini, nyimbo ya kwawo, mokweza.

Basi. Ndawalandira choncho.